Dzina Limene Ndinalephera Kufuula

Mangochi Boma,
9 Okutobala 1978.

Achimwene a Dinala,

Asalamu aleikumu. Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata nthawi ino imene muli otanganidwa ndi kusosa m'munda. Ndikudziwanso kuti maso anu sakuonanso bwino zolemba zing'onozing'ono, choncho ndayesetsa kukulitsa zilembo. Pakadakhala wina woti ndimuuze nkhaniyi sindikadakusokonezani, koma mwini mbumba ndinu, ndipo ine ndilibe kwina kolowera.

Kodi muli bwanji kumeneko ku Katuli? Msana uja unaleka kupweteka? Alamu ali bwanji, nanga ana? Kuno ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye, chifukwa chimene ndikupempha ndi chimene munandikaniza kale.

Mwina mwamva mphekesera kwa anthu obwera kuno kumsika. Ndikufuna mumve kwa ine, mwa ndondomeko yake. Akamwini athu, amuna a mwana wanga Zena, anagundidwa ndi lole mwezi wathawu ndipo ali m'chipatala. Ali moyo, Alihamudulilahi. Fupa la ntchafu yakumanja linathyoka, nthiti zinanso zinathyoka, ndipo khungu lakumsana linasupuka ndi tala. Mwendo anaumangirira ku chingwe cholendewera zitsulo kuti uzikokeka, ndipo adokotala akuti agona choncho mpaka mvula itakhazikika.

Dzina lawo ndilemba kamodzi kokha kuti pasakhale kusokoneza ndi akamwini ena a m'banja mwathu. Ndi a Jaffalie a ku Nkope, ogulitsa nsomba pa njinga aja. Pakamwa panga dzinali silinatulukepo chiwakwatirire Zena, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndiyambe ndi msewu. Pamene munabwera kudzationa Zena atapita padera kachiwiri, msewu wodutsa pakhomo pathu unali udakali wafumbi. Mukukumbukira maenje ake ndi mchenga wake. Galimoto inkamveka ili kutali, mabotolo ndi zidebe zikulira, ndipo munthu ankatha kuchotsa mphasa ya nsomba, kunyamula mwana ndi kuthamangitsa nkhuku, galimotoyo isanafike. Tsopano anathira tala mpaka pakhomo pathu. Galimoto sizimvekanso. Umangomva mphepo ikukukoka nsalu, kucheuka n'kuti yapita kale.

Musandimve molakwa, ndipo amene angakuthandizeni kuwerenga kalatayi asandimvenso molakwa. Msewu ndi wabwino. Ndi chitukuko, ndipo tikuthokoza boma. Fumbi silikulowanso mu mandasi anga. Khadi langa lachipani ndili nalo, ndinagula chaka chitangoyamba. Ine sindikudandaula msewu. Ndikunena za liwiro basi.

Inu mukudziwa ulemu wa akamwiniwa. Kwathuko mkamwini akaona apongozi panjira amapatukira kutchire, nkhani yatha. Kuno kulibe tchire, kuli msewu umodzi, ndipo tonse timadzera momwemo, ine popita ndi pobwera ku siteji ya basi ndi beseni langa la mandasi, iwo pobwera ku Nkope ndi dengu la nsomba pa keliyala. Choncho iwo anapeza njira yawoyawo. Akandiona ndili patali ankawolokera tsidya lina la msewu, n'kutsika panjinga, kuvula chisoti, kunyonyomala kuseri kwa dengulo mpaka nditadutsa. Inenso ndinkakoka mpango kuphimba nkhope, n'kuyang'ana kumbali. Tachita zimenezi zaka zonsezi, sitinaphonyepo.

Mnansi wathu mayi Elsie, akazi a kalaliki wochokera ku Ntcheu, ankatiseka tsiku ndi tsiku. Ankati sanaonepo anthu awiri okondana chotere amene amathawana ngati ali ndi mlandu wa mbuzi. Nthawi ya fumbi ija ngakhale madalaivala ankatidziwa. Ankaliza hutala, kuchepetsa liwiro, wina n'kutulutsa mutu kufuulira akamwiniwo kuti afulumire, apongozi afika. Aliyense ankaseka, ndipo palibe amene ankapweteka, chifukwa galimoto inali ndi mpata woima.

Chinthu chinanso ndi ichi. Tala atathira, pa wailesi anayamba kulangiza kuti woyenda pansi aziyenda mbali imene akuyang'anizana ndi galimoto zobwera, kuti aziziona. Inu mukundidziwa, ndikauzidwa chinthu ndimachigwira. Ndinayamba kuyenda choncho. Chimene sindinachiganizire n'chakuti mbali imeneyo ndi yomweyo imene wa njinga wobwera kuchokera ku Nkope amayenera kuyendamo. Malangizo abwino anandiika maso ndi maso ndi munthu amene sayenera kukumana nane maso ndi maso.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera. Ndinali nditamaliza mandasi oyamba, ndikubwerera kunyumba kukakazinga ena. Pafupi ndi chigayo panaima basi kutsitsa anthu, ndipo inanditchinga. Basi itanyamuka, ndinangoona akamwini ali pafupi nane kwambiri, akubwera panjinga mbali yanga yomweyo, dengu lodzaza chambo. Anadzutsa mutu. Maso athu anakumana, koyamba chiyambire. Ndinaona nkhope yawo ikuchita manyazi ngati ya mwana. Sanayang'ane kumbuyo. Anangokhotetsa njinga kuloza tsidya lina, monga ankachitira nthawi zonse.

Achimwene, lole ija ine ndinaiona. Iwo anali ataifulatira, koma ine ndinali moyang'anizana nayo. Inali kumbuyo kwawo, ikubwera ngati mphepo ya mwera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwachenjeze. Koma ndiwaitane kuti ndani? Dzina lawo lilime langa silikulidziwa. Ngakhale kunena kuti akamwini, sindinayambe ndawauzapo iwo eni. Mawu onse a pakati pathu akhala akudzera mwa Zena, ngakhale a mchere. Lilime linafunafuna chonena, ndipo pamene linapeza, linangoti mayo, koma n'kuti mabuleki akulira kale.

Zotsatira zake sindilemba zonse. Nsomba zinamwazika msewu wonse. Njinga inalowa kunsi kwa lole. Iwo anaponyedwa m'mbali, pafupi ndi mpopi. Anthu anathamangira. Ine ndinaima pomwepo, beseni lili pamutu, osadziwa ngati n'kololedwa kuti ndiwagwire. Amene anawanyamula ndi anyamata apachigayo. Anandiuza pambuyo pake kuti ali m'manja mwawo choncho, magazi ali m'kamwa, ankawapempha kuti awatembenuze asayang'ane kumene ndinaima.

Mawa lake ndinapitanso pamalopo ndekha kukaona. Matayala anasiya mizere iwiri yakuda pa tala. Inayambira pa khonde la telala, kudutsa chigayo, kudutsa pamene anagundidwa, n'kukathera kupitirira mpopi. Inu malowa mukuwadziwa, ndi mtunda woti munthu atayima uku sangamve bwino mawu a amene ali uko. Dalaivala anaponda mabuleki nthawi yabwino. Loleyo ndiyo inakana kuima. Ndayeza ndi maso kambirimbiri, ndipo ndikuona kuti ikadakhala ikuyenda pang'onopang'ono monga kale, ikadaima isanafike pachigayo, ndipo dalaivala akadangotulutsa mutu n'kutukwana.

Apolisi atawafunsa akamwini chifukwa chimene anakhotera mwadzidzidzi, anayankha kuti sakukumbukira. Akukumbukira bwinobwino, koma sangatchule apongozi pa nkhani ya ngozi. Ndiye ndinapita ndekha kukafotokoza. Wapolisiyo ndi mnyamata waulemu, koma si wakuno, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndinawaopseza ndi ndodo. Nditamufotokozera mwambo wake anakanda mutu, n'kunena kuti m'malamulo a pamsewu mulibe apongozi, muli kukweza dzanja usanakhote. Sindinamutsutse. Akunena zoona.

Dalaivalayo anabwera kuchipatala kudzawaona. Ndinkayembekezera munthu woopsa, koma ndi bambo wowonda, wa ana anayi, dzina lake a Kingstone. Anakhala pansi pakhonde la wodi, n'kulira pamaso pa Zena. Anati chikwangwani choletsa kupitirira liwiro la 30 akuchidziwa, koma amanyamula nsomba zaziwisi kupita ku Limbe, ayezi amasungunuka ndi kutentha kuno, ndipo akafika mochedwa abwana ake amamuuza kuti madalaivala ofuna ntchito ndi ambiri pageti. Anati chichitikire ngoziyi akagona amaona dengu likuuluka. Ndinafuna kumuda, Achimwene, koma ndinalephera.

Chikwangwani chimenecho chilipodi, koma anachizika kutali, kusanayambe nyumba, ndipo nthambi ya mango inachiphimba theka. Ndipo ngakhale 30 yemweyo, pakati pa msika, mzikiti ndi sukulu, ndi wambiri. Akamwini si oyamba. Chithirireni tala, pagundidwa kamtsikana konyamula madzi, kamene kanamwalira, ndi nkhalamba ina yogontha imene inkachokera ku swala ya Lachisanu. Mbuzi ndi abakha sitikuwerenganso.

Ngozi yathuyi itachitika, anthu a m'dera lathu anapempha apampando a nthambi yachipani kuti aitanitse msonkhano, ndipo anaitanitsa pansi pa mtengo wa pachigayo. Aphunzitsi a Rodgers ndiwo anayankhula m'malo mwathu, mosamala kwambiri. Anayamba ndi kuthokoza chitukuko katatu, kenaka anapempha kuti kuyambira pasukulu mpaka kupitirira msika liwiro litsitsidwe lifike pa 20, chikwangwani chisendezedwe poonekera, ndiponso pajambulidwe mizere yoyera powolokera ana, monga akuti zilili ku Blantyre. Anatinso a njinga azikakamizidwa kukhala ndi belu ndi mabuleki enieni, osati kuponda tayala ndi chidendene, ndipo ife ogulitsa tisamayale malonda mpaka m'mphepete mwa tala. Pamenepo amayi ena anang'ung'udza, koma ine ndinaona kuti n'zoona, tonse tili ndi mbali yathu.

Mwini malole wina anaimirira n'kunena kuti liwiro likatsika nsomba ziziwola, ndipo asodzi a ku Nkope ndi ku Malindi ndi amene adzalire. Che Yasini, nkhalamba yosoka maukonde ija, anamufunsa ali chikhalire kuti nsombazo zinafa kale, nanga zikuthamangira chiyani, pamene ife amoyo tikungofuna kuwoloka kupita kumpopi. Anthu anaseka mpaka apampando anagogoda tebulo. Pomaliza apampando anati apititsa pempholo kumene liyenera kupita, koma tidikire moleza mtima, ndipo asamveke wina akunena kuti msewu wabweretsa maliro. Tinaomba m'manja n'kubalalika. Tikubalalika choncho, lole ina inadutsa, zisoti za anthu n'kuuluka.

Mwina adzavomera. Ndikupemphera kuti avomere. Koma kalata za kuofesi zili ndi miyendo yaifupi, ndipo vuto langa silingadikire. Tsopano ndafika pa chimene ndakulemberani.

Zena ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Sitinakuuzeni msanga chifukwa cha mantha a mimba ziwiri zija zinapita padera. Ulendo uno mwana wagwira, akusewera m'mimba, ndipo anamwino alamula kuti Lachisanu pa 27 mwezi uno Zena akalowe kuchidikiro cha amayi oyembekezera, asamayendenso, chifukwa miyendo yatupa ndipo magazi akuthamanga. Pakali pano ndi iye amene akudikirira amuna ake. Amawaphikira, amawasambitsa, amawachotsera chibekete, amagona pansi pa simenti. Ndimamuona akugwada movutikira ndi mimba imeneyo. Akakalowa kuchidikiro, wodikirira wodwala palibe.

Kwawo ku Nkope mayi awo anamwalira, mukudziwa. Mlongo wawo ali ku Zambia ndi banja lake. Amalume awo anabwera, anakhala masiku angapo, koma ndi okalamba, manja amanjenjemera, ndipo supuni ya phala imafika pakamwa ilibe kanthu. Mayi Elsie amatithandiza masana ena, koma ali ndi nyumba yawo ndi ana awo. Watsala ndi ine. Ndili ndi mphamvu, ndimadziwa kuphika chakudya cha wodwala, ndinadwazika malemu amuna anga chaka chathunthu. Koma sindingathe kufika pa bedi lawo.

Ndinayesa kamodzi. Tsiku lina Zena anadzuka ndi chizungulire, ndiye ndinatenga phala la mpunga kupita nalo ndekha. Ndinaganiza kuti ndingoliika pa kabati n'kutuluka, nkhope nditaphimba. Nditangolowa pakhomo la wodi, msilikali wina wogona bedi loyandikana ndi la akamwini anafuula kuti adani afika, aliyense abisale. Wodi yonse inaseka. Akamwini anakoka bulangete kudziphimba kumutu, n'kuyesa kutembenukira kukhoma. Anaiwala kuti mwendo ndi womangidwa. Zitsulo zija zinagwedezeka, ndipo kukuwa kumene anakuwa sindidzakuiwala. Kuseka kunatha. Namwino anandithamangitsira panja, n'kundiuza kuti fupa linali litayamba kugwirana, ndipo ndikabweranso kachiwiri mwamunayu adzatuluka mwendo umodzi uli waufupi. Msilikali uja ananditsatira ndi ndodo zake kudzapepesa, n'kunena kuti pa ntchito yake yonse sanaonepo munthu wobisala mofulumira chotero.

Phalalo sanadye. Anauza Zena kuti chakudya chimene apongozi anyamula ndi manja awo kudzaika pamutu pawo, kukhosi sikungachilandire. Si mwano, Achimwene. Ndi munthu amene anaphunzitsidwa bwino kwambiri. Aonda kale, masaya alowa.

Ndikupempha kuti mutimasule. Ndikunena mwambo uja amayi athu anachitira malemu amuna anga Zena atayamba kuyenda, pamene akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi, nkhuku inaphedwa, apongozi ndi mkamwini anadya mbale imodzi, anapatsana moni wa m'manja, ndipo kuyambira tsikulo ankayankhulana ngati mayi ndi mwana.

Ndikukumbukira bwino zimene munandiyankha chaka chatha pamene ndinakupemphani koyamba. Munati kwathu sitimasula mkamwini nyumba isanalire mwana, ndipo tauni isatidyere ulemu. Munatinso mukalola kwa ine, akamwini onse a m'mbumba mwathu ayamba kukhala pampando apongozi ali chiimire. Ndinakumverani, sindinabwerezenso. Lero ndikubwereza, ndagwada. Mwana amene munati tidikire ali m'njira, koma kuti afike wamoyo mayi wake ayenera kukagona kuchidikiro, ndipo kuti mayi wake akagone, ine ndiyenera kukhala pambali pa bambo wake. Tikadikira kuti mwana alire kaye, tikhoza kudikira mwana amene sadzalira.

Sindinachite zinthu mobisa. Ndinapita kwa ashehe a mzikiti wathu kukafunsa. Anati m'chipembedzo mulibe choletsa mwamuna kuyankhula ndi mayi wa mkazi wake, pakuti ali ngati mayi wake womubereka, koma mwambo wa pabanja eni ake ndi a pabanjapo, iwo sangaudumphe. Amalume a ku Nkope avomera kale mbali yawo, akuti abwera tsiku lililonse limene munganene. Zena anawafunsa akamwini eni ake. Iwo anati akamva kuti Che Dinala alola, ndiye kuti ndi lamulo, adzatsata, koma popanda mawu anu sangayerekeze ngakhale atafa ndi njala. Mwaona tsono, chingwe chonse chili m'manja mwanu.

Ngati mungathe kubwera nokha, ndi bwino koposa. Ndikudziwa kuti galimoto kumeneko ndi zosowa, koma mvula sinayambe, milatho idakali yodutsika. Mwambowo tikhoza kuchitira m'wodi momwemo. Ndinafunsa kale asisitala oyang'anira, ndipo anati bola tisaphere nkhuku pakhonde lawo, tibwere nayo yophikaphika, nthawi yoona odwala. Ngati msana sukulolani kuyenda, lembani mawu ochepa okha, kapena tumani alamu kapena mphwanu wina wamkulu kuti adzanene m'malo mwanu. Nkhuku ndili nayo kale, tambala woyera, ndamumangirira kuseri kwa khitchini kuti asapite kumsewu.

Pali chinanso chimene chikundisowetsa tulo, cha mtsogolo. Tinene kuti apulumuka, atuluka. Adzayenda ndi ndodo miyezi yambiri, pang'onopang'ono, m'mbali mwa msewu womwewu, pakuti njira ina yopitira kumpopi, kumzikiti kapena kuchipatala kulibe. Tsiku lina adzandionanso ndikubwera ndi beseni langa. Adzachita chiyani? Ndikuwadziwa. Adzawoloka. Ndi ndodo zawo, adzawoloka. Njinga inalephera kuthawa lole, nanga munthu wa mwendo umodzi?

Chichitikire ngoziyi sindinapondenso pa tala. Popita ku siteji ndimazungulira kuseri kwa nyumba za anthu, kudutsa m'mabango ndi m'matope a kudambo, ndipo ndimafika basi zoyamba zitapita. Ndimaopa kuti mwina pali mkamwini wa munthu wina amene angandifanizire ndi apongozi ake. Mayi Elsie akuti ndayamba misala. Mwina akunena zoona. Ndikamva hutala, ngakhale ndili m'nyumba, ndimasiya chimene ndikuchita n'kutchera khutu.

Mukakana, sindidzakunyozani, ndipo sindidzachita mwa ine ndekha. Sindinaleredwe choncho. Koma ndikuuzeni chimene chidzatsale. Zena wakana kale kukalowa kuchidikiro n'kusiya amuna ake opanda wowapatsa madzi. Adzapitiriza kugwada pa simenti mpaka chimene chinachitika kawiri chichitike kachitatu. Ndipo akamwini akadzatuluka, ine ndidzayenera kumanga katundu kubwerera ku Katuli, chifukwa sindingakhale pa msewu umodzi ndi munthu amene nkhope yanga ingamuphe. Ndidzasiya mwana wanga yekhayo ndi wodwala m'nyumba, popanda womuthandiza. Ndayesa kuganiza njira ina usiku ndi usana, sindikuipeza.

Akulu amati ulemu suwawa, ndipo ndakhala ndikukhulupirira zimenezo moyo wanga wonse. Ulemu wathuwu unapangidwira njira za kumudzi, kumene wopatuka amangoponda udzu. Amene anauyambitsa sanaone lole. Sindikunena kuti anali olakwa. Ndikunena kuti akadaima pamene ndinaima ine Loweruka lija, akadaphika nkhukuyo tsiku lomwelo.

Zina za kuno ndi zochepa. Kukutentha kwambiri, mango ayamba kupsa. Sopo akusowa m'masitolo, ndiye musadabwe kuti sindinatumize. Nsalu ya alamu imene ndinalonjeza ndinagula, ili m'sutikesi, mudzatenga mukabwera. Mukabwera ndi basi, chonde musatsikire pachigayo. Tsikirani ku siteji yeniyeni, ndipo musawoloke nokha, ndidzakudikirani mbali yomweyo imene basi imaima. Muyang'ane kumanja, kumanzere, kumanjanso, ndipo mukaona galimoto ili kutali musaganize kuti ili kutali.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa azakhali a kutsidya kwa mtsinje, kwa adzukulu onse, ndi kwa ashehe a kwathuko, muwapemphe atikumbuke m'mapemphero. Zena akupereka moni, akuti ndikuuzeni inu amalume ake kuti mwana akadzabadwa wamwamuna dzina mudzatchula ndinu. Akamwini nawonso, kudzera mwa Zena, akuti akugwada.

Achimwene, liwiro la malole sindingalitsitse, ine ndine wa mandasi. Chikwangwani sindingachizule n'kukachizika poyenera. Zimenezo tasiyira akuluakulu, ndipo tidikira monga anatiuzira. Chimene chili m'manja mwa banja lathu n'chimodzi chokha, kuti munthu uyu aleke kundithawa. Chonde yankho lanu lindipeze lisanafike Lachisanu la pa 27, ngakhale likhale la mawu amodzi. Pakali pano, ndikakhala ndekha kukhitchini, ndimayeserera kutchula dzina lija monong'ona, kuti lilime lizolowere. Mukandilola, ndikufuna tsiku limene lole ina idzatulukire kumbuyo kwawo, ndidzathe kulifuula.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,

Abiba.